Phoso, Ndiwo ndi Maso a Anthu a ku Migodi

Ine wolemba nkhani iyi ndinabadwira ku Kitwe m'caka ca 1970, koma kwathu kweni-kweni ndi kum'mawa, m'dziko la Chipata, kumene kale kunali kuchedwa Fort Jameson. Agogo anga amuna anacoka kumudzi akali mnyamata nadzalembedwa nchito pa mgodi wa Nkana, ndipo atate naonso anagwirako nchito yomweyo zaka zingapo. Ine ananditumiza ku sukulu ya amishoni, ndipo nditatsiriza ndinalowa ukalaliki m'Boma, poyamba ku Kitwe, pambuyo pake ku Ndola. Kalaliki amadyera maso ake monga mlimi adyera khasu lake. Koma cimene cinandiyambitsa kufunafuna mbiri ya cakudya ndi maso ndi mlongo wanga.

Za mlongo wanga

M'caka ca 1977 ndinali ndi zaka 7, mlongo wangayo ali ndi zaka 3. Mtengo wa mkuwa unali utagwa kuyambira 1975, atate anali pa ulova, ndipo tinali titacoka m'nyumba ya mgodi kukakhala m'komboni ina kunja kwa tauni. Cakudya cathu cinali nsima yoyera ndi kabici wophika ndi mcere. Mafuta ophikira anali kusowa m'masitolo, ndipo tsiku limene apezeka ndalama ndizo zinali kusowa.

Tinayamba kuona kuti dzuwa likangolowa mwanayo sanali kusewera ndi anzake. Anali kukhala phee pakhonde, ndipo amai akaika nsima pamphasa iye anali kufufuza mbale ndi manja. Ife ana tinali kumseka, kunena kuti ngwamantha, aopa mdima. Kukaca anali kuthamanga bwino lomwe, motero panalibe munthu anaganiza za matenda.

Tsono cikuku cinalowa m'komboni ndipo cinamgwira. Amai ndi azakhali anacita monga anaphunzirira kwa amai ao: anamtsekera m'nyumba ya mdima, nampatsa phala lamadzi lokha, ndipo maso atayamba kumatana ndi manthongo anafinyiramo madzi a masamba amene mai wina wodziwa mankhwala anawapatsa. Atapita masiku angapo anamnyamula kunka naye ku cipatala. Dotolo atatsegula zikope anapeza diso lamanzere litacita cironda ndi kuyera mbee. Lamanja analipulumutsa. Iye anafunsa amai ngati mwanayo anali kuona bwino madzulo asanadwale, ndipo amai atafotokoza, anapukusa mutu nanena kuti nthendayo inayamba kale, cikuku cinangodzatsiriza.

Mlongo wangayo ali moyo ndipo ali ndi adzukulu, koma wakhala ndi diso limodzi zaka zonsezi. Amai anamwalira akudziimba mlandu cifukwa ca madzi a masamba aja. Zimene ndapeza m'mabuku ndi kwa akulu-akulu zandionetsa kuti mlanduwo unayambira m'mbale, ndipo m'mbalemo munalowa zinthu zambiri zimene amai sakanatha kuziletsa.

Ndiwo za kumudzi

Makolo athu sanamve dzina loti vitamini, koma ndiwo zao zinali nazo zimene maso afuna. Nthawi ya dzinja anali kudya nkhwani, bonongwe, cisoso, luni, khwanya, citambe, kholowa ndi cigwada, ndipo masamba amenewa anali kuwatendera ndi nsinjiro. Masika anali kudya maungu, ndipo mvula ikayandikira mango anali kupsa. Masamba otsala anali kuwafutsa ndi kuwamanga m'zikwatu kuti akathandize m'cilimwe.

David Livingstone, m'buku la maulendo ake limene linasindikizidwa m'caka ca 1857, anafotokoza kuti iye ndi anzake atadya cinangwa ndi ufa wokha nthawi yaitali maso ao anafooka, koma kuti akadya zomwezo pamodzi ndi mtedza, umene uli ndi mafuta, bvutolo silinaoneke. Lero tidziwa kuti cakudya ca maso cimene ciri m'masamba sicilowa bwino m'thupi popanda mafuta. Mkazi wotendera ndiwo anali kucita mwanzeru ngakhale sanadziwe cifukwa cake.

Koma tisanamizane kuti kale kunalibe akhungu. Miyezi ya October ndi November masamba awisi anali kusowa kwa amene analibe dimba, ndipo mfutso woyanikidwa padzuwa lamphamvu umataya mbali yaikulu ya mphamvu yake. Miyambo ina inali kumana ana ndi amai apakati cakudya cabwino. Mai wapakati sanali kudya mazira, poopa kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Kwathu nkhuku ikaphedwa, nthutumba ndi ciwindi zinali za bambo wa nyumba, ana nalandira miyendo ndi msuzi. Ndipo sukulu yoyamba ya akhungu m'dziko muno inayambika kwathu komweko, ku Magwero pafupi ndi Fort Jameson, m'caka ca 1905, ndi mai Issie Hofmeyr wa mishoni ya Dutch Reformed Church. Sakanaiyamba pakanakhala palibe ana oti alowemo.

Phoso la pa mgodi

Boma la Ndola linakhazikitsidwa m'caka ca 1904, ndipo njanji inafika m'dera lino m'caka ca 1909. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa m'caka ca 1931, wa Nkana m'caka ca 1932, ndipo tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa m'caka ca 1936. Amuna zikwi-zikwi anadza kucokera kwa Abemba, ku Luapula, kwathu kum'mawa, ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Anthu onsewa analibe minda kuno, ndipo makampani ndiwo anali kuwadyetsa.

Cakudya cimeneci cinali kuchedwa phoso. Agogo anali kusimba kuti munthu anali kuima pamzere ndi tikiti lake nalandira ufa, nyama, nyemba, mtedza, mcere ndi ndiwo zamasamba pang'ono. Phoso linayesedwa kuti mwamuna akhale ndi mphamvu zogwirira nchito pansi pa nthaka, ndipo ambiri ananenepa nalo kuposa kumudzi. Koma gawo la mkazi linali locepa, ndipo ana akaculuka m'nyumba phoso la munthu mmodzi linali kugawidwa pakamwa pambiri. Cimene cinali kukwanira onse ndi ufa wokha.

Amai a m'makomboni ndiwo anatseka mpata umenewu. Anali kulima timinda m'mbali mwa madambo ndi pa malo amene makampani ena anapatsa anchito okwatira, ndipo anali kusinthanitsa ufa wa phoso ndi masamba, bowa ndi nkhuku za Alamba, eni dziko lino. Nsomba zouma zinali kudza kucokera ku Luapula ndi ku nyanja za Mweru ndi Bangweulu.

Nkhani ya cakudya inalipo m'madandaulo a anchito pamene ananyanyala nchito m'caka ca 1935 ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya, ngakhale cimene cinayatsa moto cinali kukwera kwa msonkho. Anthu 6 anaphedwa ku Luanshya. M'caka ca 1940 ananyanyalanso, ndipo 17 anafa ku Nkana. Bungwe la anchito a m'migodi litakhazikika m'caka ca 1949, motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, zinthu zinayamba kusintha, ndipo m'kati mwa zaka za m'ma 1950 phoso linatha, munthu nayamba kulandira ndalama zokha kuti adzigulire cakudya.

Uwu unali ufulu, ndipo agogo anaukondwerera. Koma kuyambira pamenepo ndiwo za mwana zinayamba kudalira thumba la atate wake ndi mitengo ya pa msika. Mkuwa ukakwera, m'nyumba munali nyama, mazira ndi mkaka. Ukagwa, munali kutsala nsima ndi kabici. Cimanga coyera ciribe cakudya ca maso konse, kaya ndi mgaiwa kaya ndi ufa woyera, ndipo kabici wa mutu, amene anthu a m'tauni anamkonda cifukwa ngwochipa ndipo sacedwa kukhutitsa mphika, ali naco cocepa zedi pomuyerekeza ndi bonongwe. Ambiri anayamba kuyesa masamba a kumudzi ndiwo za anthu osatsogola.

Migodi inakhudzanso mbale za kumidzi. Audrey Richards, amene anakhala pakati pa Abemba m'zaka za m'ma 1930, anaonetsa m'buku lake la m'caka ca 1939 kuti amuna akacoka kunka ku nchito, kumudzi kunali kusowa odula mitengo ya citemene, minda inali kucepa, ndipo miyezi ya njala inali kutalika.

Cimene madotolo anapeza

Aigupto ndi Agriki akale anali kuciritsa munthu wosaona madzulo ndi ciwindi ca nyama, koma cifukwa cake cinadziwika m'caka ca 1913, pamene Elmer McCollum ndi Marguerite Davis ku America anapeza kuti m'mafuta a mkaka ndi m'cikasu ca dzira muli kanthu kamene nyama sizingakule popanda iko. Kanthuko ndiko kanachedwa vitamini A.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dziko la Denmark linali kugulitsa batala wake kunja, ana a osauka namamwa mkaka woengula. Dotolo C. E. Bloch anaona ana ambiri maso ao akuuma ndi kucita zironda, nawaciritsa ndi mkaka wosaengula ndi mafuta a nsomba. Boma litayamba kugawira anthu batala kumapeto kwa 1917, nthendayo inacepa msanga. Awa anali ana a Azungu m'dziko la ng'ombe zambiri, ndipo nkhani yao itiphunzitsa kuti nthenda iyi imatsata umphawi, sisankha mtundu. M'caka ca 1930 Thomas Moore ku England anaonetsa kuti thupi limapanga vitamini A kucokera ku utoto wacikasu umene uli m'maungu, m'mango, m'mapapaya ndi m'masamba obiriwira kwambiri.

Nchito yake m'diso iri pawiri. Kumbuyo kwa diso, m'kati, kuli kansalu kamene kamalandira kuwala, ndipo kuti kagwire kuwala kocepa kwa madzulo kamafuna vitamini A. George Wald analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1967 cifukwa ca kufotokoza zimenezi. Ndico cifukwa cizindikiro coyamba ndi kusaona kukayamba kuda. Kaciwiri, vitamini A amasunga khungu la pamwamba pa diso kuti likhale lonyowa. Akasowa, diso limauma, pa coyera ca diso pamaoneka timawanga tonga thobvu la sopo, ndipo potsiriza galasi la kutsogolo kwa diso limafewa ndi kuboola, nthawi zina m'masiku awiri kapena atatu okha.

Thupi limasunga vitamini A m'ciwindi monga cimanga m'nkhokwe. Cikuku cimatha nkhokweyo msanga, cifukwa mwana sadya, amatsegula m'mimba, ndipo malungo amaononga zimene zatsala. Mwana amene nkhokwe yake inali kale pansi, monga mlongo wanga, ndiye amataya diso. M'caka ca 1932 dotolo J. B. Ellison ku London anaona kuti ana a cikuku opatsidwa vitamini A sanali kufa ambiri, koma anthu anaiwala zimenezi zaka zambiri. Alfred Sommer ndi anzake anazitsimikiza ku Indonesia m'caka ca 1986, poonetsa kuti kupatsa ana vitamini A kunacepetsa imfa zao ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Cigwa ca Luapula ndi ofufuza a ku Ndola

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 cigwa ca Luapula, kumene anchito ambiri a ku migodi anacokera, cinachuka ndi dzina loti Cigwa ca Akhungu. Madotolo amene anapitako sanagwirizane msanga. Ena anati colakwa ndi mankhwala acikuda amene anthu anali kuthira m'maso a ana odwala. Ena anati ndi cikuku, enanso anati ndi cakudya, pakuti nsima ya kumeneko ndi ya cinangwa, ndipo nsomba zambiri zinali kugulitsidwa kuno ku migodi ndi ku Katanga. Zoona zake nzakuti zitatuzi zinali kuthandizana: njala ya vitamini inali kufooketsa diso, cikuku cinali kulitsegula cironda, ndipo mankhwala owawa ndi osaphitsa anali kucikulitsa.

M'caka ca 1975 bungwe la World Health Organization linakhazikitsa nyumba yofufuzira matenda, Tropical Diseases Research Centre, m'cipatala cacikulu ca Ndola. M'caka ca 1985 ofufuza a kumeneku anapita ku Luapula kukayesa maso a ana aang'ono m'midzi, napeza kuti pafupi-fupi ana 2 mwa 100 ali onse anali ndi zizindikiro za kuuma kwa maso. Ciwerengero cimeneci cioneka cacing'ono, koma pa mwana mmodzi woonetsa zizindikiro m'maso pamakhala ena ambiri amene nkhokwe yao yatsala pang'ono kutha. Kafukufuku wa dziko lonse wa m'caka ca 1997 anapeza kuti ana 66 mwa 100 anali operewera vitamini A m'magazi. Pamenepo panadziwika kuti bvutoli silinali la Luapula lokha, koma linalinso m'makomboni a Kitwe ndi Ndola, kumene anthu anali atasauka kotero kuti m'mwezi wa December 1986 anacita cipolowe cifukwa ca kukwera kwa mtengo wa ufa.

Boma linacita zinthu zingapo. Katemera wa cikuku anafika m'zipatala zazing'ono zonse. M'caka ca 1998 linalamula kuti shuga wogulitsidwa m'nyumba za anthu azithiridwa vitamini A, ndipo nchitoyo inayambira ku Nakambala, ku Mazabuka. Linayambitsanso mlungu wa umoyo wa ana kawiri pa caka, pamene anamwino amadula kathumba ka mafuta a vitamini A ndi kufinyira m'kamwa mwa mwana: kabuluu kwa wa miyezi 6 kufikira 11, kofiira kwa wa caka cimodzi kufikira zaka 5. Mwana wodwala cikuku amapatsidwa tsiku limene wafika ku cipatala ndi m'mawa mwake. M'caka ca 2003 ciwerengero cija cinatsika kufika pa 54 mwa 100. M'caka ca 2012 anatulutsa mbeu ya cimanga ca mtundu wa lalanje, cokhala ndi cakudya ca maso. Ena anacikana poyamba pokumbukira cimanga cacikasu ca cithandizo ca pa cirala ca 1992, cimene anthu anaciyesa cakudya ca njala, koma ici ndi cimanga cina, ndipo nsima yake njokoma.

Nthenda ya kukhuta

Masiku ano diso loyera la cikuku silionekanso kawiri-kawiri pa ana a m'matauni athu, ndipo ambiri amene ali nalo ndi a msinkhu wanga. Koma cakudya cayamba kuononga maso mwa njira ina. Ife a m'maofesi timakhala pampando tsiku lonse, timayenda pa basi, timadya nsima yambiri ya ufa woyera, buledi, zokazinga ndi zakumwa zotsekemera, ndipo timanenepa. Kunenepa ndi kusagwiritsa nchito thupi, pamodzi ndi mtundu wa ku makolo, ndiko kumaitana matenda a shuga.

Shuga akaculuka m'magazi zaka zambiri amaononga timitsempha ta kansalu kaja ka kumbuyo kwa diso, natiyambitsa kudontha. Munthu samva kuwawa, ndipo amaona bwino kufikira zinthu zitaipa kale. M'caka ca 2012 madotolo a maso a cipatala cacikulu ca Kitwe, mothandizana ndi anzao a cipatala ca Frimley Park ku England, anayamba kuyendera zipatala za m'cigawo cino ndi makina ojambula m'kati mwa diso. Mwa odwala shuga oposa 2,000 amene anawayesa, oposa theka anali ndi timitsempha toonongeka, ndipo mmodzi mwa atatu anali pa ngozi ya kutaya maso.

Ine ndemwe ndiri m'gulu limeneli. Zaka zingapo zapitazo manambala a m'mabuku a ku ofesi anayamba kundibvuta, ndipo nditapita kukafuna magalasi anandiuza kuti ndiri ndi shuga. Tsopano ndimapita kukajambulitsa maso caka ciri conse, ndinacepetsa mitanda ya nsima, ndipo ndimayenda pansi kunka ku nchito. Shuga wa vitamini uja anaikidwa kuti kasupuni ka m'phala la mwana kamthandize, ndipo sicifukwa coti munthu wamkulu azithira masupuni anai mu tiyi.

Ndiyeneranso kunena kuti cakudya siciciritsa matenda onse a maso. Ng'ala ya ukalamba, imene imaphimba mwana wa diso pang'ono-pang'ono, sicoka ndi masamba kapena mankhwala othira, koma madotolo a ku Kitwe ndi ku Ndola amaicotsa ndi opaleshoni yaifupi, munthu naonanso. Wofuna magalasi afuna magalasi ndithu. Ndipo m'diso lodwala musathiremo madzi a masamba, mkodzo, shuga kapena kanthu kena kali konse kamene dotolo sanakupatseni.

Mau otsiriza

Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Ndikayenda pa msika wa Chisokone ku Kitwe kapena wa Masala ku Ndola ndi kupenyetsetsa modekha, ndimaona kuti mankhwala amene akanasunga diso la mlongo wanga ali pa mathebulo a amai ogulitsa: bonongwe, nkhwani, kholowa, maungu, mbatata yofiira m'kati, mango, mapapaya, mazira, ciwindi, kapenta wodyedwa wathunthu, nsinjiro, ndi mafuta ofiira a kanjedza amene Abemba amati cinkondya. Zambiri mwa izi nzosakwera mtengo, ndipo zina zimamera zokha kuseri kwa nyumba.

Inu amai ndi abambo owerenga nkhani iyi, mwana wanu akayamba kupunthwa kapena kufufuza mbale dzuwa litalowa, musamseke monga tinacitira ife. Mtengeni ku cipatala m'mawa mwake, ndipo muwauze anamwino kuti saona madzulo. Nkhuku ikaphedwa, kagawo ka ciwindi kapite kwa wamng'ono. Ndipo inu anzanga a m'maofesi amene munauzidwa kuti muli ndi shuga, kajambulitseni maso anu caka cino, mukali kuona bwino.